Makina oimbira mbale ogwiritsidwapo kale ntchito: pomwe ndafika posankha ndi kukonza

Gawo loyamba la ntchito yomwe ndinadzipatsa latha tsopano, pakuti makina oimbira mbale za vinyl, zija za timizere tomwe singano imayendamo, ndawapeza ndipo akuzungulira pa liwiro loyenera. Ndi makina a ku Japan a kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, oyendetsedwa ndi lamba, ndipo chomwe amachita okha n'kubweza mkono wonyamula singano pamalo pake nyimbo zikatha. Ndikulemba zomwe zinanditsogolera posankha chifukwa malangizo ambiri omwe woyamba kumene amapatsidwa amangozungulira pa mayina a makampani, pomwe funso lomwe linandithandiza kwambiri linali lakuti, mwa zinthu zomwe zatha pa makina akale, ndi ziti zomwe zimasinthika mosavuta, ndipo ndi ziti zomwe zikawonongeka ndiye kuti makina onse atha ntchito.

Chifukwa chomwe ndinalunjikira pa makina akale n'chosavuta. M'zaka za m'ma 1970 mbale zinali njira yaikulu yomvetsera nyimbo kunyumba, choncho makampani monga Technics, Pioneer, Sony, Dual ndi Thorens ankapikisana kwambiri, mwakuti ngakhale makina awo apakatikati ankakhala ndi mkono wabwino komanso chitsulo chozungulira cholemera ndithu. CD itatuluka mu 1982, anthu ambiri anayamba kuika makinawa m'makabati, ndipo ndi omwewo akugulitsidwa lero. Makina atsopano otchipa kwambiri, aja okhala m'kasutikesi pamodzi ndi masipika ake, ndinawapewa. Mkono wake ulibe cholemera cha kumbuyo chosinthira mphamvu yomwe singano ikukanikizira mbale, ndipo mphamvuyo imakhala ya magalamu 5 kapena kuyandikira pamenepo, pomwe katiriji wamba yabwino (katiriji ndi kabokosi ka kumapeto kwa mkono komwe singano imalowamo) imafuna magalamu apakati pa 1.5 ndi 3. Kuwonjezera apo, masipika akakhala m'bokosi limodzi ndi singano, kunjenjemera kwawo kumabwerera ku singano yomweyo.

Mota imazunguza chitsulo chomwe mbale imakhalapo m'njira zitatu, ndipo ndinafunika kusankha imodzi ndisanayambe kuyang'ana makina alionse. Njira yakale kwambiri ndi ya kagudumu ka labala komwe kamakhala pakati pa mota ndi chitsulocho, monga zilili pa Garrard 301, Lenco L75 ndi Dual 1219. Makina amenewa ali ndi anthu owakonda kwambiri, koma labala akakalamba amauma, ndipo kagudumu kakasiyidwa kotsamira mota kwa zaka zambiri kamaphwatalala mbali imodzi n'kumagogoda pa kuzungulira kulikonse, kotero kuti kamafunika kuvekedwa labala wina ndi munthu wodziwa ntchitoyo. Njira ina ndi yomwe chitsulo chimakhala pa mota penipeni popanda lamba kapena gudumu, yomwe Technics inabweretsa ndi SP-10 mu 1970, kenaka SL-1200 mu 1972. Liwiro la makina otere limakhala lokhazikika kwambiri, makamaka pa omwe amalondoleredwa ndi kamwala ka quartz, konga ka m'mawotchi, monga SL-1200MK2 ya mu 1979, koma dzina limeneli linatchuka kwa ma DJ ndipo mtengo wake sutsika ngakhale makinawo atagwira ntchito yakalavulagaga usiku uliwonse. Makina ang'onoang'ono a mtundu womwewu ndi abwino kwa woyamba, bola liwiro lake likhale losasinthasintha pa nthawi yogula, chifukwa vuto likakhala m'zipangizo zamagetsi za mkati limafuna katswiri.

Ine ndinasankha a lamba, mtundu wa AR XA ya mu 1961, Thorens TD 160 ndi Pioneer PL-12D, chifukwa munthu akanyamula chitsulo chozungulira amaona zonse ndi maso: mota, kampukutu kake, lamba ndi bering'i yapakati. Pa chifukwa chomwecho ndinasiya makina odzichitira okha zonse, omwe amanyamula mkono, kuupititsa pa mbale ndi kuutsitsa popanda munthu kuukhudza. Pansi pa makina otere pamakhala timagiya ndi timikono tambiri topakidwa girisi, ndipo girisi wa zaka makumi anayi amalimba n'kugwira zonse. Zimatheka kuzitsuka, koma si ntchito yoyambira.

Poyang'ana makina omwe akugulitsidwa, ndinkayamba ndi bering'i yapakati. Ndinkachotsa lamba, kuzunguza chitsulo ndi chala, kenaka kuwerama mpaka diso litayang'anizana ndi m'mphepete mwake. M'mphepetemo simuyenera kukwera ndi kutsika, ndipo khutu likayandikira siliyenera kumva kukwecheka kulikonse. Bering'i yabwino imalola chitsulo kuzungulira kwa nthawi yaitali chisanaime, ndipo chimaima pang'onopang'ono. Ikangouma mafuta vuto ndi laling'ono, koma kachitsulo kapakati komwe kamalowa pa bowo la mbale kakapindika kapena kakamagwedera m'mbali, makinawo ndi ongowasiya.

Mkono ndiwo ndinkauthera nthawi yambiri, chifukwa ndiwo wovuta kuukonza kuposa china chilichonse. Ndinkagwira mutu wake ndi zala ziwiri n'kuukankha pang'ono kupita kumbuyo, kuukoka kubwera kutsogolo, ndi kuupotoza mofatsa kwambiri. Sipayenera kumveka kugogoda kapena kugwedera pomwe mkonowo wamangidwira. Pambuyo pake ndinkaika chotchingira singano, kutsitsa anti-skate (kachipangizo kochepetsa kukokeka kwa mkono kulowera pakati) kufika pa 0, ndi kuzunguza cholemera cha kumbuyo mpaka mkono utayandama wokha m'malere osakwera kapena kutsika. Mkono woyandama chonchi ukauziridwa mpweya pang'ono cham'mbali umayenera kuyenda mosalala kulowera pakati, osaima panjira. Makina ena omwe ndinawaona anali owala bwino, chivindikiro chopanda chikanda ngakhale chimodzi, koma mkono wake unkati go pang'ono ndikaukoka, ndipo ndinawasiya pomwepo. Omwe ndinagula ali ndi chivindikiro chong'aluka pakona ndi hinjesi imodzi yofooka, zomwe zinatsitsa mtengo popanda kukhudza mawu ngakhale pang'ono.

Liwiro limayesedwa popanda chipangizo chapadera. Mbale zazikulu za mainchesi 12, zomwe Columbia inatulutsa mu 1948, zimazungulira maulendo 33⅓ pa mphindi, kutanthauza maulendo 100 enieni pa mphindi zitatu. Ndi kumata kapepala m'mphepete mwa chitsulo, kuyambitsa wotchi ya pafoni ndi kuwerenga. Mbale zing'onozing'ono za mainchesi 7, zomwe RCA Victor inatulutsa mu 1949, zimazungulira maulendo 45, ndipo m'pofunika kuyesa liwiro limeneli nalonso, chifukwa kandodo kosamutsira lamba kamatha kukanirira. Kuwerenga kumaonetsa liwiro lapakati chabe, ndiye kuti ndimve ngati likusinthasintha ndimamvetsera mbale yokhala ndi piyano, pakuti liwu lalitali la piyano silibisa kugwedezeka kulikonse. Makina anga ankachedwa pang'ono ndipo ankatenga nthawi kuti afike pa liwiro lake, chomwe chili chizindikiro cha lamba wotanuka. Nditapukuta kampukutu ka mota ndi njira ya lamba ndi spiriti, n'kuika lamba watsopano wa muyeso womwewo, chiwerengero chinagwera pa 100.

Pali msampha umodzi pa nkhani ya liwiro womwe lamba watsopano sangauthetse. Makina ambiri a lamba ndi a kagudumu ali ndi mota yomwe liwiro lake limatsatira kagundidwe ka magetsi a m'nyumba, komwe m'mayiko ena ndi 50 Hz (maulendo 50 pa sekondi) ndipo m'mayiko ena ndi 60 Hz. Makina opangidwira 60 Hz akalumikizidwa ku magetsi a 50 Hz amataya gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a liwiro lake, kotero kuti m'malo mwa 33⅓ amazungulira maulendo pafupifupi 27.8, ndipo woimba aliyense amamveka wa mawu otsika komanso wotopa. Thiransifoma imakonza mavoti okha, monga kutsitsa 230 kufika pa 120 a ku North America kapena 100 a ku Japan, koma siisintha kagundidweko, ndipo chomwe chimafunika ndi kampukutu kena ka mota komwe sikapezeka nthawi zonse. Kachikwangwani ka kumbuyo kwa makina kamanena mavoti ndi ma Hz, ndipo ndi koyenera kukawerenga pulagi isanalowe pakhoma.

Singano yomwe inabwera ndi makina sindinaiike pa mbale iliyonse yomwe ndimaikonda. Nsonga yake ndi ya dayamondi, koma imaperepeseka ikagwira ntchito maola apakati pa 500 ndi 1,000, ndipo kuperepeseka kwake sikuoneka ndi maso wamba. Wogulitsa sangadziwe maola omwe yagwira, makamaka ngati makinawo anawalandira kwa wina, pomwe singano yotha imasema timizere ta mbale ndipo mawu otayika motero sabwereranso. Chomwe ndinachita ndisanalipire chinali kuwerenga nambala ya katiriji ndi kufufuza ngati singano yake ikupezekabe. Katiriji za mtundu wa MM (moving magnet, zomwe mkati mwake mumagwedezeka maginito) ndizo zoyenera woyamba, chifukwa singano yake imangosololedwa ndi dzanja n'kulowetsa ina, pomwe za MC (moving coil, zomwe mkati mwake mumagwedezeka timawaya tokulunga) singano yake siichotseka kunyumba ndipo mphamvu yomwe zimatulutsa ndi yochepa kwambiri, kawirikawiri yosafika theka la milivoti poyerekeza ndi mamilivoti 3 mpaka 5 a MM. Shure inasiya kupanga makatiriji mu 2018, koma makampani ena monga Jico amapangabe masingano olowa m'makatiriji ambiri akale. Wofuna katiriji yatsopano ali ndi mitundu monga Audio-Technica VM95 ndi Ortofon OM, yomwe thupi lake limodzi limalandira masingano osiyanasiyana, choncho angathe kuyamba ndi singano yotchipa n'kudzakweza pambuyo pake.

Kamangidwe ka katiriji pa mkono kalinso pawiri. Zambiri zimamangidwa ndi timabawuti tiwiri totalikirana theka la inchi, ndipo zimafunika kuwongoledwa. Zina, zotchedwa P-mount, zimangolowetsedwa kumapeto kwa mkono n'kumangidwa ndi kabawuti kamodzi cham'mbali, ndipo zonse zimakanikiza ndi magalamu 1.25 popanda chosintha. Anthu ena amazinyoza, koma kwa munthu wofuna kungomvetsera nyimbo popanda kuyezayeza sindikuona cholakwika chake, kupatula kuti mitundu yosankhapo ndi yochepa masiku ano. Anga ndi a timabawuti tiwiri.

Chinthu chomwe chimawonjezera ndalama mosayembekezereka ndi polumikizira makinawa. Kuyambira mu 1954 makampani anagwirizana pa muyeso wa RIAA, womwe pojambula mbale mawu a besi amachepetsedwa ndipo mawu okwera amawonjezedwa, n'cholinga chakuti timizere tisakule kwambiri komanso kuti phokoso la mbale libisike. Poimba, zimenezi zimayenera kutembenuzidwa, ndipo mphamvu yochepa ya katiriji imayenera kukulitsidwa maulendo pafupifupi 100. Ntchito imeneyi imachitika pa malo olembedwa PHONO a ampulifaya, kapena m'kabokosi kapadera ka phono preamp. Makina akale akalumikizidwa pa AUX amamvekera patali, mawu ake owonda opanda besi, ndipo wosadziwa amaganiza kuti wagula chakufa. Palinso kawaya kakang'ono ka ethi kotuluka pamodzi ndi mawaya awiri a mawu, komwe kakapanda kumangidwa pa ampulifaya masipika amang'ung'uza mosalekeza.

Ponyamula makinawa ndinachotsa chitsulo chozungulira ndi cholemera cha kumbuyo, ndipo mkono ndinaumangirira pa kotsamira kake, chifukwa zolemera ziwirizi zikamagwedezeka panjira zimawononga mabering'i omwe aja ndinawayesa mosamala. Nditafika ndinaika levulo pa chitsulo ndi kusintha miyendo mpaka kathovu katakhala pakati, kenaka ndinayandamitsa mkono, kuika kagudumu ka manambala ka pa cholemeracho pa 0, ndi kuzunguza cholemera mpaka pa magalamu 2 omwe katiriji yanga imafuna. Kasikelo kakang'ono ka digito kanaonetsa kuti manambala a pa mkono akusiyana pang'ono ndi zenizeni, ndipo ndinatsatira kasikeloko. Ambiri amaganiza kuti kupepukitsa singano kumateteza mbale, koma singano yopepuka kwambiri imadumphadumpha m'kamzere n'kumamenya makoma ake, zomwe zimawononga kuposa kulemera pang'ono mkati mwa malire omwe opanga ananena. Anti-skate ndinaiika pa nambala yofanana ndi magalamuwo, kuti ichepetse kukokeka kwa mkono kulowera pakati.

Zatsala ziwiri. Kandodo kotsitsira mkono kakugwetsa singano mofulumira, kusonyeza kuti mafuta olimba a silikoni a mkati mwake anatha, choncho pakadali pano ndikutsitsa mkono ndi dzanja mpaka nditapeza mafutawo. China ndi kuwongola katiriji. Pa nyimbo yomaliza ya mbali iliyonse mawu a "s" akumveka osasa pang'ono, ndipo malo amenewo ndi ovuta kale, chifukwa kamzere ka pafupi ndi pakati kamadutsa pansi pa singano pa liwiro losafika theka la lomwe la kunja, ndiye kupendekeka kulikonse kwa katiriji kumamvekera pomwepo. Ndasindikiza pepala loyezera la njira ya Baerwald (imodzi mwa njira zowongolera katiriji), lomwe lili ndi madontho awiri pa mamilimita 66 ndi 120.9 kuchokera pakati, ndipo ndaliyeza ndi lula kutsimikiza kuti pulinta sinasinthe kukula kwake. Ntchito yotsatira ndi kumasula timabawuti tiwiri tija ndi kusuntha katiriji mpaka itayang'ana molunjika mizere ya pa madontho onse awiri, kenaka kuyezanso magalamu, chifukwa katiriji ikasuntha kulemera kwa singano nakonso kumasintha.