Gauni ndavala, zikomo nonse amene munandinyamula

Abale anga, sabata yathayi ndavala gauni ku Mukono, dziko la Uganda, digiri ya akaunti ili m'manja. Foni yakhala ikungolira ndipo ena sindinakuyankheni, pepani, ndati ndilembe pano kamodzi aliyense aone.

Poyamba zikomo kwa adadi. Ambiri mukuwadziwa, akhala katekisiti mu mpingo wa Anglican zaka zambirimbiri, ndipo maloto awo anali oti mwana mmodzi adzakhale wansembe. Nditawauza kuti ndapeza malo pa Uganda Christian University anangoti dzinalo ndi lachilendo, koma nditatchula kuti ili ku Mukono anadzuka pampando nkunena kuti iwe, si ku Bishop Tucker kumeneko? Iwo amadziwa dzina lakalelo basi, sukulu ya ansembe. Anaganiza kuti pemphero lawo layankhidwa eti, ine nkuti ayi adadi ndikukawerenga ndalama. Anangoseka nkuti pita mwana wanga, mpingo nawonso umafuna odziwa kusunga chopereka.

Ndipo sanalakwitse. Malowa anayamba mu 1913 ngati Bishop Tucker Theological College, kuphunzitsa ansembe ndi aphunzitsi a mpingo. Dzinalo ndi la Alfred Tucker, bishopu wa ku England amene anafika ku Uganda mu 1890 atayenda wapansi kuchokera kunyanja yamchere, ife basi ya masiku atatu yokha timadandaula. Mfumu ina ya ku Buganda, Ham Mukasa, ndi imene inapereka malo, nchifukwa chake laibulale yathu ili ndi dzina lake, ndipo mmenemo ndi mmene ndinkabisala nthawi ya mayeso mpaka alonda anandizolowera. Mu 1997 mpingo wa Church of Uganda, nthawi ya Akibishopu Livingstone Nkoyoyo, unaona kuti dziko silikufuna ansembe okha, likufunanso maloya, anamwino, atolankhani ndi ife a manambala amene tikuopa Mulungu, ndiye koleji ija inasanduka yunivesite. Boma linadzaipatsa charter, chikalata choivomereza kwathunthu ngati yunivesite, mu 2004. Za ubusa sizinafe ayi, zilipobe ngati sukulu imodzi mkati mwake ndipo dzina la Tucker lidakalipo.

Chimene chinandidabwitsa nchoti ngakhale ukhale wa akaunti suthawa Baibulo. Chipangano Chakale ndi Chatsopano ndi makosi okakamiza, ine ndinkanyinyirika kuti ndabwerera maleja ine osati Levitiko, koma kosi ina ya ethics, yophunzitsa makhalidwe abwino, pano ndimaiyamika. Pachakudya timakhala tebulo limodzi ndi azibambo akuluakulu ophunzira unsembe, posho ndi nyemba, posho ndiye nsima yawo koma yolimba ngati akwiya nayo. Mmodzi wa iwo, bambo wa ana anayi, ndi amene anandipeza ndikulira kuseri kwa Nkoyoyo Hall.

Chifukwa chake mukuchidziwa. November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndalama imene amayi anasonkhanitsa pogulitsa mpunga inangosungunuka tisanaitumize nkomwe, kubanki nako akuti madola kulibe bwerani mawa, mawa lakelo osafika. Ndinali nditalongedza kale chikwama, ndikuwerengera ya basi yodzera ku Mutukula, Mbeya mpaka pa Songwe. Bambo aja sanalankhule zambiri, anangonditengera kwawo, akazi awo anandiphikira matooke, nthochi zophika zija ndinkazikana poyamba, ndipo Lamulungu lotsatira anzawo a m'kalasi ya ubusa anasonkha kangachepe kondikwanira kudya mwezi wonse. Anthu oti okha fizi imawavuta! Bambo ndi mayi, Chichewa simumva koma ndikuwerengerani pafoni liwu ndi liwu.

Amayi a Mothers' Union akwathu, munaphika mandasi ndi zitumbuwa miyezi itatu, ndalama munaimanga pampango nkukapatsa amayi anga osafuna nkulembedwa maina komwe. Mulungu akudalitseni. Achimwene a ku Joni, mumagwira usiku koma mwezi sunadutse osatumiza, ndipo simunandiwerengerepo. Amalume munagulitsa mbuzi ziwiri, ndikudziwa ngakhale munati asandiuze. Anzanga a pa gulu la WhatsApp amene munkanditumizira mauniti kuti ndilankhule ndi kumudzi, inunso zikomo kwambiri.

Amama, inu ndiye ndikasowa ponena, tikalankhulana pakhonde.

Adadi sanathe kubwera, miyendo ikuvuta masiku ano, koma anandituma chinthu chimodzi, akuti ukajambulitse patsogolo pa nyumba yakale ya Bishop Tucker utavala gauniyo, osati pa nyumba zatsopanozo. Ndajambulitsa adadi, mchemwali akuonetsani pafoni yake madzulo ano. Ndikufika Lachisanu likubwerali basi ikayenda bwino, amama musaiwale chambo ndi nsima yofewa.