Chilumba cha Boadzulu cha m'bafa mwanga

Popeza anzanga a pabawo ayamba kale kunditchula kuti Injiniya wa Madzi, ndipo nkhaniyi ikumafika kwa anthu ena atayithira kale nsinjiro, ndaona kuti ndi bwino ndiifotokoze ndekha. Choyamba ndikufuna kukana zimene zikumveka zakuti apongozi anga aakazi anayandama kuchokera kubafa mpaka pabalaza. Imene inayandama ndi patapata yawo yakumanzere, ndipo mwiniwake anatuluka akuyenda ndi miyendo yawo.

Mmisiri amene anaika matailosi m'nyumba yonse anatchula mtengo woikira matailosi pansi pa shawa umene unandiganizitsa kuti mwina akufuna kumanga mlatho wachiwiri pa Shire. Malowo ndi aang'ono, mita imodzi ndi masentimita 20 mbali zonse, ndipo matailosi amene anatsala pabalaza anali a masentimita 60 mbali zonse. Aliyense amene anapitako kusukulu aona kuti pamenepa pamalowa matailosi anayi ndendende, ndipo makona awo amakumana pakati penipeni, pamene pali chibowo chotulukira madzi. Ndinauza mayi a Chisomo kuti munthu wolipira mnzake chifukwa cha matailosi anayi ndiye kuti ndalama zikumuyabwa, ndipo iwo anangoyankha kuti, "Chabwino, bambo a Chisomo," ndi mawu aja amene amayankhira akamasunga nkhani kuti adzaigwiritse ntchito mtsogolo.

Sindinayambe ntchitoyi mwaumbuli. Ndinaonera mavidiyo angapo pa YouTube mpaka bandulo kutha, ndipo ndinagwira mfundo yaikulu yakuti pansi pa shawa sipayenera kukhala pathyathyathya, payenera kupendekeka kuti madzi azithamangira kuchibowo. Ndinagula simenti ya matailosi ndi timitanda tapulasitiki tosiyanitsira mizere, ndinabwereka grinder ndi levulo, kachida kaja kokhala ndi kathovu koonera ngati malo apendekeka, ndipo ndinadula makona anayi aja mokongola kuti kasefa kachitsulo kakhale pakati ngati diso. Vuto linali lakuti paipi inasiyidwa yotalikirapo, ndipo ine poopa kuidula molakwika ndinangounjika simenti mozungulira mpaka inafika pamlomo pake, monga momwe timaunjikira mtumbira wa mbatata.

Apa ndi pamene levulo inandipereka. Nditaigoneka kuchokera kukhoma kuloza kuchibowo, kathovu kaja kanathawira kumbali ya chibowo. Ndinayesa mbali zonse zinayi, ndipo mbali zonse zinayi kathovu kanathamangira komweko ngati ana othamangira galimoto ya ukwati. Ndinaganiza motere: kathovuka kamakhala m'madzi, choncho kumene kakupita ndi kumene madzi adzapite. Mpaka lero ndikuona kuti ganizo limeneli linali lomveka, ndipo palibe paliponse pa levulo pamene analemba kuti kathovu kamathawira kumtunda. Ndinadikira tsiku lathunthu kuti simenti igwire, ndinatseka mizere ndi grout, ndinapukuta mpaka matailosi anayamba kuonetsa nkhope yanga, kenako ndinaletsa banja lonse kusambamo kuti ulemu woyamba ukhale wa apongozi amene amabwera kuchokera ku Namwera Loweruka.

Anafika masana, m'mwezi wa Okutobala, dzuwa la kuno ku Mangochi likuswa mtengo, ndipo amayi atangopuma pang'ono anapempha madzi osamba. Ndinawalozera bafa ndi manja awiri. Ine ndi apongozi aamuna tinakhala pabalaza n'kuyamba kukambirana za mtengo wa feteleza, ndipo ndikuvomereza kuti khutu langa limodzi linali kubafa, kumvetsera shawa ikuthira madzi pa ntchito ya manja anga.

Patapita mphindi zochepa ndinaona kamzere konyezimira kakutuluka m'kakhonde kopita kubafa. Kanali kopyapyala ngati njoka yaing'ono, kanaima pakhomo la pabalaza ngati mlendo woyembekezera kuti auzidwe kuti lowani, kenako kanalowa kosauzidwa. Pambuyo pake panabwera thovu la sopo, ndipo pambuyo pa thovulo panabwera patapata. Inali yobiriwira, ndipo inkayenda mwaulemu ndi mosapupuluma monga Ilala ikamafika ku Monkey Bay. Inadutsa pansi pa tebulo, inakhudza mwendo wa mpando, inatembenuka pang'onopang'ono ngati woyendetsa wake akufunafuna doko, inaima kaye pafupi ndi mphika wa maluwa kuti mwina pali wotsika, kenako inapitiriza ulendo mpaka kukakocheza pa chala chachikulu cha apongozi aamuna. Nthawi yonseyi ine ndinali ndikulankhulabe za feteleza, maso ali padenga, ndipo ndikukumbukira kuti ndinatchula mtengo umodzimodziwo katatu. Iwo anakweza mapazi onse awiri n'kuwasanjika pa kampando, anayang'ana patapata ija kwa nthawi yaitali monga munthu amene wakumana ndi mnansi kudziko lachilendo, ndipo anafunsa mofatsa kuti, "Kodi akamwini, malo anowa munagula kudambo?"

Amayi atatuluka, atanyamula patapata yotsala m'manja, ndinathamangira kukaona. Madzi anali ponseponse, m'makona onse anayi, m'mbali mwa khoma, pakhomo, koma pakati penipeni kasefa kanga kachitsulo kanali kataima pamwamba, kouma ngati chilumba cha Boadzulu cha m'nyanja ya Malawi, kakuyang'ana nyanja imene inakazungulira. Chinkangosowapo ndi mbalame zakuti zitere. Ndinayesa kukankhira madzi kuchibowo ndi phazi, koma ankakwera pang'ono n'kubwerera ngati munthu wokwera njinga amene chitunda chamukanika.

Ndisanaweruzidwe, ndikufuna ndikumbutse anthu kuti madzi kuno kwathu ali ndi mbiri yokana kutuluka. Mtsinje wa Shire umene timaudalira kuti uzitulutsa madzi a m'nyanja ya Malawi kupita ku Malombe unasiya kutuluka m'nyanjamo kwa zaka pafupifupi 20 kuyambira mu 1915, ndipo sindinamvepo kuti panali munthu amene anasekedwa pabawo chifukwa cha zimenezo. Ndinayesa kufotokozera mayi a Chisomo mfundo imeneyi, koma anangondipatsa chikolopa ndi ndowa.

Lolemba ndinaitana mmisiri uja, ndipo anabwera mofulumira kwambiri moti ndinadziwa kuti nkhani yamupeza kale. Sanatulutse chida chilichonse. Anapempha ndimu imodzi kukhitchini, anaiika pafupi ndi kasefa, ndipo tonse tinaiona ikugubuduka molunjika kukhomo n'kutsata njira ya patapata. Ananena kuti pansi pa shawa pamafunika kutsika pafupifupi masentimita awiri pa mita iliyonse, kutanthauza kuti kasefa kanga kanayenera kukhala pansi ndi sentimita imodzi ndi kachidutswa poyerekeza ndi kukhoma, pamene ine ndinakakweza ndi masentimita awiri. Anawonjezera kuti tailosi yaikulu siipindika ngati mphasa, choncho iliyonse imayenera kudulidwa chopingasa kuchokera pakona ya bafa kufika pachibowo, kuti matailosi anayi aja asanduke zidutswa zisanu ndi zitatu zonga samusa, zonse zoweramira pakati, apo ayi munthu agule timatailosi ting'onoting'ono timene timatsata kupendekeka tokha. Pomaliza anagogoda tailosi imodzi ndi chala nati, "Koma bwana, simentiyo munaiika bwino zedi, kugumula kwake tidzatuluka thukuta." Mawu amenewa ndikupempha kuti anzanga a pabawo aziwatchulanso akamafotokoza nkhaniyi.

Mtengo umene anatchula tsopano ndi wa ntchito ziwiri, kugumula ndi kumanganso, kuphatikizapo matailosi atsopano, chifukwa anayi aja anali omaliza. Tagwirizana kuti adzabwera mwezi ukatha, ngakhale sitinatchule mwezi wake. Pakadali pano timasambira m'beseni lalikulu limene taliika pamwamba pa chilumbacho, ndipo beseni limagwedera pang'ono chifukwa pakati ndi pokwera. Apongozi anabwerera ku Namwera Lachiwiri, ndipo amayi akaimba foni amafunsa za ana, za mvula, kenako za bafa.