Sindinagule gaga ine

Inu a gulu la mpira amene mwayamba kale kunditcha "Bambo Gaga", imvani kaye kwa mwini nkhani, chifukwa mlamu wanga wathira mchere wambiri. Sindinagule gaga. Ndinagula unga weniweni wa breakfast, thumba la makilogalamu 25, ndipo ndinaligwira ndi manja angawa.

Kabuku kanga ka mitengo mumakadziwa. Saladi, mafuta ophikira aja, ndimagula ku Kamwala, sopo ndimadikira tsiku la pulomosheni, tomato ndi anyezi ku msika wa Soweto muno mu Lusaka m'mamawa alimi akangotsitsa mabokosi. Pamela, unga wa m'tumapaketi wa pa kantemba uja, ndinamuletsa pakhomo panga, chifukwa mukawerengera tumapaketi tija mwezi wonse mupeza kuti mwalemeretsa mwini kantemba. Ndiye ndimve kuti ku Soweto thumba latsika ndi K15 kusiyana ndi kwathu ku Chilenje, apongozi atangofika kumene kuchokera ku Chipata, ine ndikhale pansi?

Ndinanenerera mpaka wogulitsa anati, "Bamdala, tengani chabe muzipita." Ndinaitana mnyamata wa Zamcab, wonyamula katundu pa wilibala, kuti andifikitsire thumba kokwerera basi. Anati K10. Ndinati K7. Anavomera msanga, ndipo K3 yotsalayo anaibweza ndi liwiro. Wilibala inanyamuka, "Njira! Njira!", anthu akupatuka, ine pambuyo wefuwefu.

Mvula inali itagwa usiku, ndipo matope a ku Soweto simufunika kuuzidwa. Pakati penipeni pa amayi a kapenta ndi amayi a tomato, patapata wanga wakumanzere anamira. Phazi linatuluka lokha. Ndinaima ndi mwendo umodzi ngati kakowa, dzanja lina lagwira kabuku m'mwamba kuti kasanyowe, diso lina kwa patapata, lina kwa unga wanga ukupita. Mutu unayamba masamu pomwepo. Patapata watsopano ndi zingati? Amagulitsa mmodzi? Ndikamusiya, K15 ija yatsala ingati? Ndinadzandira, ndinagwira mpweya, ndinatembenuka kuzungulira, mwendo udakali m'mwamba. Amayi a kapenta anasiya kuyeza meda n'kufunsa mwaulemu, "Atate, mugula kapena mwabwera kudzavina?" Wina anayamba kuwomba m'manja. Ndinawerama n'kukoka ndi mphamvu zonse, chimene chinatuluka ndi chingwe chokha. Chopondera chili komweko mpaka lero, mwina chafika kale pa thanthwe.

Podzuka, mawilibala anali paliponse, onse ndi matumba oyera, onse akukuwa "Njira!" Ndinasankha wa chipewa chofanana ndi cha mnyamata wanga. Ndinamupeza pa siteshoni akupuma, ndinamupatsa K7 n'kusenza thumba. Anayang'ana ndalama, anandiyang'ana ine, anayang'ana phazi langa, nati, "Zikomo bosi." Tsono ndiuzeni, munthu woona mtima akanati zikomo? Ndipo amene analola kuti gaga azithiridwa m'matumba akale a breakfast ndani? Zoti thumba linapepuka ndinaziona, koma ndinayesa kuthamanga kwandipatsa mphamvu.

Kondakitala analipiritsa thumbalo mpando wakewake. Linakhala pawindo, ine pa kampando kopinda.

Kunyumba apongozi anali atateleka kale madzi. Anamasula thumba, anapisamo dzanja, anafikisa m'zala nthawi yaitali. Mwamwambo wakwathu iwo salankhula nane maso ndi maso, choncho anatembenukira kwa mwana wawo, mawu okwanira kumveka mpaka kumsewu:

"Mwanawe, afunse bambo a pakhomo pano ngati khola lili kuseri, ndikaone ziwetozo."

Amake mwana sanaseke, ndiwayamikire pamenepo. Anangolowa kuchipinda n'kutseka chitseko, bedi n'kumagwedezeka. Atatuluka anatuma mwana ku kantemba kukatenga pamela, pangongole, m'dzina langa. Tinadya nsima mwakachetechete. Apongozi popemphera anakumbukira nkhumba za eni ake zimene zagona ndi njala.

Gagayo akadali kuseri kwa chitseko. Aneba oweta nkhuku akufuna kugula, koma mtengo umene anatchula sunandisangalatse. Ndamva kuti ku Chawama amagula mokwererapo pang'ono. Amene ali ndi nsapato za jombo saizi 8 andibwereke Loweruka.