Kabokosi Kanga ka Ma dB 60

Akazi anga amati ine ndikagula chinthu ndimakhala ndagula ntchito. Ndinkawatsutsa, mpaka tsiku lomwe ndinalowa m'nyumba nditakumbatira turntable, galamafoni ya masiku ano, pamodzi ndi zimbale 12 zomwe mwini wake anandiwonjezera chifukwa zinkamudyera malo.

Ndinapukuta fumbi, n'kulumikiza mawaya awiri aja, wofiira ndi woyera, kumbuyo kwa ampulifaya pomwe palembedwa AUX. Singano ndinaitsitsa pa chimbale mwaulemu ngati ndikugoneka khanda. Kenako ndinakhala pampando, mwendo pamwamba pa unzake.

Zii.

Ndinakweza voliyumu. Kunamveka kanthu chapatali, ngati udzudzu wa luso ukuyimba m'nyumba ya eni. Ndinakwezabe mpaka chopotokola chija chinakana kuzungulira. Woyimba anatulukira, koma wowonda, wolankhulira m'mphuno, ngati amutsekera m'chitini. Besi kunalibiretu. Ndinayamba kukayikira kuti woyimba besi sanapite ku ntchito tsiku lojambula.

"Yayamba?" anafunsa akazi anga ali chiimire pakhomo.

"Ili pakati."

"Oo. Ine ndimayesa ndi firiji."

Ndinazimitsa turntable n'kukagona ndi mkwiyo wanga, voliyumu ili pomwe ndinaisiya. M'mawa mwana wathu wamkazi analumikiza foni yake ku ampulifaya yomweyo. Zomwe zinachitika sindinazione, ndinangozimva ndili m'bafa, sopo ali m'maso. Mphaka anatha masiku awiri osaoneka, ndipo mwanayo anandisungira kukhosi.

Usiku womwewo ndinayamba sukulu pa intaneti. Kunapezeka kuti katiriji, kamutu kaja kogwira singano, kamatulutsa magetsi ochepa zedi, mamilivoti pafupifupi 5, pomwe makina oyimba CD amafika mavoti 2, omwe ndi mamilivoti 2,000. Polowera pa AUX pamayembekeza mawu a munthu wamkulu, ine ndinkatumizapo manong'onong'o.

Koma nkhani ya besi ndi yomwe inandikomera, moti ndinaifotokozera aliyense amene anachedwa kuthawa. Besi imagwedeza singano kwambiri, choncho imafuna kanjira kotakata pa chimbale. Akanaisiya momwe ilili, nyimbo zochepa chabe zikanadzaza mbali yonse, singano n'kumadumpha ngati chule. Ndiye podula chimbale amaifinya dala, mpaka ma dB (muyeso wa kukula kwa mawu) pafupifupi 20 kumawu apansi penipeni, n'kukweza mawu apamwamba ndi mlingo wonga womwewo. Poyimba pamafunika kachipangizo kotembenuza zonsezi: kakulitse mphamvu, kabweze besi, katsitse mawu apamwamba, ndipo potsitsapo kaphokoso ka "sss" ka chimbale kamatsikira limodzi. Kampani ya Columbia itatulutsa zimbale zoyimba nthawi yaitali, zotchedwa LP, mu 1948, makampani ankadula aliyense mwa njira yake, mpaka mu 1954 pomwe bungwe la RIAA la ku America linakhazikitsa muyeso umodzi. Kachipangizoko ndi phono preamp. Maampulifaya akale ankabadwa nako m'mimba, kuseri kwa polowera polembedwa PHONO. Yanga, ya m'badwo wa mafoni, inalibe.

"Ndiye kuti chinthu mwagulachi chikufuna chinthu china," anatero akazi anga.

"Kakang'ono. Kotchipa."

Sanayankhe. Anangondiyang'ana momwe amayang'anira munthu amene wati akubwera pompano.

Kusankha kabokosi kotchipako kunanditengera masabata 3. Inu, kunjaku kuli anthu! Alipo amene amagula preamp yodula kuposa turntable, ampulifaya ndi masipika anga kuziphatikiza, n'kumati akumva woyimba akumeza malovu. Ine ndinkafuna kumva woyimbayo basi, malovu asunge. Ndinaphunzira kuti makatiriji alipo mitundu iwiri. Wa MM, momwe kamaginito ndi kamene kamagwedezeka, ndi wofala pa ma turntable a anthu wamba, ndipo umafuna kukwezedwa ndi ma dB pafupifupi 40, kutanthauza kuchulukitsa ka 100. Wa MC, momwe mumagwedezeka timawaya tokulungiza, nthawi zambiri sufika ngakhale milivoti imodzi, choncho umafuna ma dB pafupifupi 60, kuchulukitsa ka 1,000. Ndinaloweza kuti MM imagwirizana ndi ma ohm 47,000. Chifukwa chake sindinachigwire bwino, koma nambalayo ndinkaitchula ndi mawu okuya, anthu n'kumagwedeza mutu.

Kunena zoona, munthu wa katiriji ya MM ngati ine safuna zambiri. Kabokosi kachitsulo kotsatira RIAA, kopanda phokoso lakelake, kokhala ndi kasikuluwu komangirira waya wa ground kuti masipika asamang'ung'udze ngati njuchi, nkhani yatha. Ndinakapeza koteroko tsiku lachiwiri lenileni. Masiku ena onsewo ndinawathera pa kamzake kokwererako mtengo pang'ono, kokhala ndi swichi ya MM ndi MC. Ndinadziuza kuti munthu amaganizira za mawa. Katiriji ya MC ndinalibe, ndalama yake ndinalibe, koma za mawa ndinaziganizira.

Tsiku lotsegulira ndinaitana alamu anga, achimwene awo a akazi anga, munthu wofatsa amene sanandilakwirepo kanthu. Ndinawakhazika pakati penipeni pa masipika, pomwe akatswiri amati mawu amakumana.

Turntable inali pashelefu yothina, limodzi ndi masipika, moti kumbuyo kwake ndinkangopapasa ndi dzanja, tsaya litagunda khoma. Pofufuza pomangirira waya wa ground, chala chinakankha kanthu kena kamene kanati khethe. Sindinasamale. Munthu wodziwa ma ohm 47,000 satekeseka ndi khethe.

Kenako ndinafika pa swichi ya kabokosi. Ndinkadziwa bwinobwino kuti katiriji yanga ndi MM. Koma ndinayang'ana 40, n'kuyang'ana 60, mtima n'kuti: walipira onse 60, enawo 20 ukusiyira ndani? Ndinakankhira ku MC.

"Alamu, konzekani. Mumva zomwe makutu anu sanamvepo."

Apa pokha sindiname.

Singano isanafike n'komwe pa chimbale, masipika anali atayamba kale kupuma ngati ng'ombe yotopa. Itangogunda, nyumba inati bvuuu! Sinali nyimbo ayi. Chinali chilombo cha besi yokhayokha, chophwanyika, chonjenjemeretsa mawindo. Masipika ankagwedeza shelefu, shelefu n'kugwedeza singano, singano n'kubwezera zonsezo ku masipika, kuzungulira kumangokula. Chithunzi cha ukwati wathu chinapendekeka pakhoma. Mphaka, amene anali atangoyamba kutikhulupiriranso, anadutsa pakati pa miyendo ya alamu ngati mphezi.

Alamu anakhalabe pomwe ndinawaika, manja pamaondo, maso ali tong'o. Ulemu ndi chinthu choopsa. Ndinaona milomo yawo ikuyenda, ndipo nditawerama ndinamva akukuwa kuti, "Ili ndi mphamvu, alamu!"

Ine ndinathamangira ku voliyumu, n'kupotokolera kolakwika. Amene anatipulumutsa ndi akazi anga, pozula pulagi kukhoma.

M'kachetechete momwe munatsatira, mwana uja analowa, foni ili m'manja, tochi yoyaka. Sanafunse kanthu. Anakoka turntable pang'ono, n'kuunika kumbuyo.

"Adadi, kaswichi aka kolembedwa PHONO ndi LINE n'kachiyani?"

"Kati?"

"Aka. Kali pa LINE."

Ndinamva thukuta likutsika pamsana. Za kaswichi kameneka ndinali nditawerengapo kangapo konse, n'kumadumpha, poti ndinali nditagamula kale kuti ndi nkhani za ma turntable a anthu ena. Ma turntable ambiri a masiku ano amabwera ndi preamp m'kati. Ukaika pa PHONO, imatulutsa timamilivoti tosaphika tija. Ukaika pa LINE, preamp yam'katiyo imagwira ntchito, ndipo umalumikiza ku AUX mwachindunji. Yanga inafika ili pa PHONO, n'chifukwa chake kunali udzudzu. Khethe uja anaidzutsa. Ndiye mawu okwezedwa kale, besi yobwezedwa kale, ndinawalowetsa m'kabokosi kuti kawakwezenso ka 1,000 n'kubwezanso besi kachiwiri.

Mwanayo anachotsa kabokosi kanga, n'kulumikiza mawaya awiri aja ku AUX, pomwe ndinawaika tsiku loyamba lija. Anatsitsa voliyumu, akundiyang'ana m'maso, n'kuika singano. Nyimbo inatuluka yoyera, yodzaza, woyimba besi ali pa ntchito.

"Masabata 3," anatero akazi anga, osauza munthu aliyense.

Sindinagonje. Ndinafotokoza kuti ma preamp am'kati amakhala ongogwirizira, kuti kabokosi kapadera kamamveka bwino koposa, ndipo nthawi zina zimenezi n'zoona ndithu. Mawa lake ndinachotsa masipika pashelefu, ndinabwezera turntable pa PHONO, kabokosi pa MM, waya wa ground pamalo pake. Zinamveka bwino kwambiri. Sabata yonse ndinkaitana akazi anga kuti adzamve kusiyana, iwo n'kumati akumva nyimbo yomweyo.

Loweruka alamu anabweranso, mwina kudzaona ngati nyumba ikadalipo. Ndinawakhazika pampando uja, ndinaika chimbale, n'kutseka maso.

"Mwamva, alamu? Mwamva momwe besi yakhalira pansi? Mawu apamwambawo, osabaya m'khutu? Izi preamp yam'kati singachite. Apa ndiye pomwe panapita ndalama."

Alamu anatsokomola. Ndinatsegula maso. Sankayang'ana masipika, ankayang'ana kuchitseko cha pabalaza, chomwe chimakonda kudzitsekera chokha kukakhala mphepo. Chinali chotsegula bwinobwino, ndipo pansi pake, potchinga, panali kabokosi kachitsulo kakuda, swichi yake ili pa MM.

"Kakhala pamenepo kuyambira Lachiwiri, adadi," anatero mwana uja ali kuchipinda.