Mmene ndinasankhira matayala a Mazda Roadster yanga mvula isanagwe

Galimoto yanga ndi Mazda Roadster ya 1999, ija kunja kwa Japan amaitcha MX-5. Ili ndi mipando iwiri, denga lansalu, injini kutsogolo koma mphamvu imapita kumatayala akumbuyo, ndipo kulemera kwake kumangopitirira pang'ono tani imodzi. Nthawi imeneyo kampani ya Mazda inali isanayambe kuikamo makompyuta aja oigwira galimoto ikayamba kuterereka pakona. Choncho chimene chimandisunga pamsewu ndi mphira wa matayala anayi basi, ndipo itakwana nthawi yowasintha sindinafune kupupuluma.

Ndinayamba ndi kugwada pansi n'kuwerenga zolembedwa m'mbali mwa matayala amene ndinaigula nawo. Ambirife timangoyang'ana ngati tingalande ta pamwamba tidakali takuya, tikaona kuti tilipo timati tayala n'labwino. Anga tingalande tinalipo ndithu, tisanafike n'komwe pa timizere tija tosonyeza kuti patsala mamilimita 1.6. Koma pali chizindikiro choyamba ndi zilembo za DOT, ndipo manambala anayi omaliza amanena sabata ndi chaka chimene tayala linapangidwa. Mukaona 2316, ndiye kuti ndi sabata ya 23 m'chaka cha 2016. Akutsogolo anali atadutsa zaka 10, malire amene makampani ngati Michelin amati tayala lichoke ngakhale likuoneka lamoyo, ndipo mphira unali utauma n'kuyamba ming'alu ing'onoing'ono.

Akumbuyo ndi amene anandidetsa nkhawa kwambiri. Panali mawu akuti STUDLESS. Awa ndi matayala a nyengo yachisanu ya ku Japan, opangidwa ndi mphira wofewa kuti azigwira pa madzi oundana. Galimoto zambiri zochokera kumeneko zimabwera nawo, ena olembedwa Blizzak, ena iceGUARD, ena Winter Maxx, ndipo poti tingalande take n'takuya, anthu amawakonda. Paphula lotentha la mu Okutobala amatha msanga, amagwedera pakona, ndipo mukaponda mabuleki galimoto imapita patali isanaime. Kuika oterewa kumbuyo kwa galimoto yokankha ndi kumbuyo n'kudziitanira tsoka. Apa ndinatsimikiza kuti ndisintha onse anayi, osati awiri okha.

Saizi yoyenera sindinaitenge kwa munthu. Pachipilala cha chitseko cha dalaivala pali kapepala komata konena zimene opanga galimoto anafuna, ndipo kwa ine n'zakuti 195/50R15 82V, mpweya 1.8 bar. Nambala ya 195 ndi m'lifupi mwa tayala m'mamilimita. Ya 50 ikunena kuti khoma la tayala, kuchokera parimu kufika pamsewu, ndi theka la m'lifupimo, ndiye mamilimita 97.5. Ya 15 ndi kukula kwa rimu m'mainchi. Ya 82 ikutanthauza kuti tayala lililonse linganyamule makilogalamu 475, pomwe V ikuti lingapirire liwiro la makilomita 240 pa ola. Palibe msewu kwathu kuno woti munthu n'kuthamanga chotero, koma chilembo chimenechi sindinalole kuchitsitsa, chifukwa tayala lopirira liwiro lalikulu limapiriranso kutentha.

Nditapita ku Limbe, shopu iliyonse inkandiuza zofanana: saizi imeneyo palibe, koma 195/65R15 ilipo yambiri, poti ndi imene imalowa pa Corolla ndi anzake. Bambo wina wachikulire, amene ndinaona kuti ntchito yake amaidziwa, anandiuza kuti, "Achimwene, rimu n'limodzimodzi. Ikani awa galimoto ikwereko pang'ono, maenje a m'misewu yathu mukuwadziwa."

Mawu awo sindinawapeputse, chifukwa nkhani ya maenje ndi yeniyeni. Tayala la khoma lalifupi likamenya dzenje lakuthwa, mphira umapanikizika pakati pa rimu ndi phula, ulusi wam'kati umaduka, m'mbali n'kutuluka chotupa, ndipo pamenepo tayala latha ntchito ngakhale litakhala latsopano. Koma ndinatenga cholembera. Tayala la 195/50R15 lonse, kuchokera pansi kufika pamwamba, ndi mamilimita 576. La 195/65R15 ndi pafupifupi 635. Kusiyana kwake ndi gawo limodzi mwa magawo 10. Pa Roadster tayala lotero likhoza kumakhula thupi la galimoto mukakhotetsa chiwongolero kapena mukadumpha hampu, sipidomita ikamati 100 inu mukuthamanga 110, ndipo magiya onse amalemera, kagalimoto kaja n'kutaya changu chake ponyamuka. Limeneli ndinalikana msanga.

Limene linandivutitsa mutu ndi 195/55R15. Lonse ndi mamilimita pafupifupi 596, khoma likuwonjezeka ndi mamilimita 10, galimoto ikukwera ndi muyeso womwewo, ndipo sipidomita ikamati 100 mukuyenda pafupifupi 103. Kwa munthu amene tsiku ndi tsiku amadutsa m'misewu yokumbika ya m'makwalala, sindingamunene kuti walakwa akasankha limeneli. Njira ina yabwino koposa ndi kutsika n'kupeza marimu a mainchi 14 a mabowo anayi, n'kuika 185/60R14, saizi imene Roadster zina za zaka zomwezi zinatuluka nayo kufakitale. Kutalika kwake konse ndi mamilimita 578, pafupifupi chimodzimodzi ndi anga, koma khoma ndi mamilimita 111. Kungoti pamafunika ndalama ya marimu, komanso kuonetsetsa kuti mabuleki akutsogolo akukwanamo.

Ine ndinakhalabe pa 195/50R15. Galimoto imeneyi sindinaigulire kunyamulira katundu. Ndinaigulira msewu wokwera phiri la Zomba ndi makona aja a ku Khwekhwelere potsikira ku Golomoti, kumene ukangokhudza chiwongolero iyo yamva kale. Khoma lalitali limapindika kaye galimoto isanakhote, ndipo kachedwedwe kakang'ono kameneko kamachotsa chimene ndimaikondera. Maenje ndinasankha kuwalemekeza ndi liwiro lochepa. Ofuna kukulitsa m'lifupi mpaka 205 kapena 215 kuti galimoto izioneka yaukali, ndikuwapempha aganizirenso: galimoto yopepuka ilibe thupi lokwanira kupanikiza tayala lalikulu pansi, ndipo pamadzi osefukira pamsewu tayala lotambalala limafulumira kuyandama.

Matayala a kaunjika a saizi yanga anapezeka awiri, mitundu yosiyana, zaka zosiyana. Mtengo wake unali wokopa, koma sungadziwe kuti linamenyapo chiyani kumene lachokera, ndipo chigamba cham'kati sichioneka ukaliyang'ana kunja. Ndinawasiya. Bambo aja anavomera kundiitanitsira atsopano kuchokera ku Johannesburg, kumene saizi imeneyi si yosowa, ndipo ndinawapatsa zofuna zanga zisanachitike za ndalama: anayi onse akhale mtundu umodzi, osapitirira zaka ziwiri chipangidwireni, ndipo akhale ogwira bwino pamvula. Pa matayala okhala ndi chikalata cha ku Ulaya, kagwiridwe ka pamsewu wonyowa kamalembedwa ndi zilembo kuyambira A mpaka E, ndipo ine ndinati A kapena B basi. Aja osalala a pampikisano, okhala ndi tingalande towerengeka, sindinawaganizire n'komwe. Mvula ya mu Januwale siyawo.

Tsiku loika ndinaimirira pomwepo. Amene anabwera anali olembedwa OUTSIDE mbali imodzi, kutanthauza kuti mbali imeneyo iyang'ane kunja. Ena amakhala ndi muvi ndi mawu akuti ROTATION, ndipo amayenera kuzungulira molunjika kumene muviwo waloza. Ndinapempha mavalavu atsopano, balancing pa tayala lililonse, kenako alignment ya mawilo onse anayi, chifukwa pa Roadster ngakhale akumbuyo amasinthika, ndipo akapotoka amadya mphira mbali yam'kati osaonekera. Manati ndinapempha kuti amalizitse ndi sipanala yoyezera mphamvu yomangira, pafupifupi 100 Nm, asangowamenya ndi mfuti yampweya mpaka kulira.

Pa mpweya m'pamene tinakambiranako pang'ono. Mnyamata wopopa anali ataika 2.5 monga amachitira ndi galimoto zina zonse. Ndinamuonetsa kapepala ka pachitseko kaja. Pa galimoto yopepuka chonchi, mpweya wochuluka umachititsa kuti izidumphadumpha, pakati pa tayala pokha n'kumagwira msewu. Tinautsitsa kufika 1.8, ndipo m'mawa mwake ndinauyezanso matayala ali ozizira, chifukwa muyeso wa Mazda ndi wa tayala lozizira.

Makilomita oyambirira mazana angapo ndinayenda mofatsa, poti tayala latsopano limakhala loterera pang'ono pamwamba mpaka litakhulika. Kenako ndinabwerera kukayezetsanso manati. Ulendo womwewo ndinatulutsa sipeya m'buti, kaja kowonda kongothandizira pangozi. Kameneko kamafuna mpweya wa 4.2, ndipo sikayenera kupitirira makilomita 80 pa ola. Kanali kataphwa ndithu, choncho tinakapopa, ndipo tsopano ndimakayeza limodzi ndi anzake mwezi uliwonse.