Hedi imodzi, miyezi itatu

Kona ija isanamenyedwe n'komwe, ine ndinali nditaona kale m'maganizo anzanga akundinyamula m'mwamba chifukwa chopulumutsa timu. Ndili ndi zaka 43, mimba inayamba kalekale kunditsogolera, koma tsiku limenelo ndinadumpha ngati kamnyamata. Mpira ndinauphonya. Chomwe mutu wanga unapeza ndi phewa la goloboyi wathu yemwe. Tonse awiri tili gone pa udzu, tinamva anthu akukuwa kuti chalowa. Chinalowadi, ku golo kwathu.

Kutacha, khosi linakana kutembenukira kumanja. Kumanzere linkalolako pang'ono, koma kumanja, toto. Munthu akandiitana ndinkazungulira thupi lonse kuyambira kumapazi, ngati kabati ikusunthidwa. Kuntchito abwana amakhala kumanja kwanga, ndiye patapita masabata awiri anandiitanira pambali n'kundifunsa chimene anandilakwira. Izo n'zochepa. Tsiku lina tikuyenda ndi akazi anga, khosi linangoumira kumanzere, komwe mwatsoka kunali mayi wina wovala bwino.

"Bambo, mukamaliza kuonako mundiuze, tizipita."

Fotokozerani munthu kuti ndi khosi, muone ngati angakumvereni.

Ndinagula kolala yasiponji ija, n'kuivala masabata 6, usana ndi usiku. Kunena zoona ndinkaikonda, chifukwa anthu ankandipatsa mpando ndipo mbale kunyumba sindinkatsuka. Koma ululu sunasunthe, mwinanso unawonjezeka. Apa m'pamene ndinapita kuchipatala.

Adokotala anandifunsa kaye ngati manja akuchita dzanzi kapena kufooka, n'kunena kuti zikanakhala choncho nkhani ikanakhala ina, yosafuna kuchedwa. Ndinati ayi. Atandijambula, anawerenga mafupa a m'khosi mwanga pa chithunzi: 7, onse athunthu. Anati nyamalikiti nayenso ali ndi 7 omwewo, kungoti iye sasewera mpira ali ndi zaka 43. Kenako anaiyang'anitsitsa kolala yanga.

"Iyi anakuuzani ndani kuti muivale?"

"Ndinadziuza ndekha."

"Zikuoneka."

Malinga ndi iwo, mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 5, ndipo amaunyamula ndi minofu ya m'khosi. Ine ndinangoikoka minofuyo pogunda paja, kenako n'kuipatsa tchuthi cha masabata 6, moti inafooka n'kuuma. Choipanso n'chakuti nthawi yonse yomwe ndinkati ndikupuma, ndinkakhala nditaweramira foni, ndipo mutu ukawerama khosi limasenza katundu woposa pamenepo. Mwachidule, goloboyi anandipweteka tsiku limodzi, masiku enawo ndinkadzipweteka ndekha.

Anandilembera mafizo. Kutembenuza mutu pang'onopang'ono mpaka pomwe ululu ukuyambira, kuika nsalu yofunda pakhosi, ndi kubweza chibwano kumbuyo kakhumi, kangapo patsiku. Zomalizazi mwana wanga amati ndimaoneka ngati kamba akubisala. Ine mumtima ndimasirira kadzidzi, mafupa 14 m'khosi, n'kumazunguza mutu madigiri 270 popanda kubuula.

Pano papita miyezi itatu, ndipo abwana ndimawaona ndi diso limodzi ndi theka. Sabata yatha ndinapita kukaonerera anzanga aja, n'kukhala pakati penipeni pa bwalo kuti ndione bwino. Zigoli zinalowa zinayi, zonse ku golo lakumanja. Pomwe ndinkamaliza kutembenuka, anali atayambanso kale pakati.