Mmene ndinavutikira kutulutsa mafayilo pa timatepi ta DDS

Zatheka abale, mafayilo atuluka, koma ndiye ndaona zakuda miyezi iwiri yathunthu. Ndikulemba mtima udakali m'mwamba kuti wina asadzataye ndalama ngati ine.

Bambo atamwalira tinapeza m'katoni ya mapepala awo timakaseti titatu, tating'ono kuposa kaseti ya nyimbo ija, atalembapo ndi bolopeni kuti backup 1998. Amenewa ndi matepi osungira mafayilo a pakompyuta otchedwa DDS, ena amangoti DAT, omwe Sony ndi HP anatulutsa mu 1989 potengera tepi yojambulira mawu, lamba wake ndi wa mamilimita 4 basi. Makina ake anasiya kupanga, mtundu womaliza unali DAT 320 wa mu 2009, ndiye draivu (makina owerengera matepiwa) iliyonse mungapeze pano ndi yoti wina anaitopetsa kale.

Musanagule draivu werengani kaye zomwe zalembedwa pa tepipo, chifukwa matepiwa ali m'mitundu, DDS-1, DDS-2, DDS-3, DDS-4, kenako DAT 72 kupita m'tsogolo. Anga onse atatu analembedwa DDS-2, 120m, omwe amalowa 4GB, ndipo ndinaziona ndithu koma sindinalabadire, m'mutu mwanga ndimangoti makina atsopano sangalephere kuwerenga tepi yakale. Ndiye ndinakagula draivu ya DAT 72 pa intaneti chifukwa choti inali ya USB, yongobaya basi, wogulitsayo nditamufunsa anandiyankha motsimikiza kuti imawerenga matepi onse a 4mm. Ndinadikira masabata atatu. Itafika ndalowetsa tepi, yakoka bwinobwino, yalira pang'ono, timagetsi taphethira, kenako yalavula. Ndalowetsa ina, yalavulanso. Loweruka lonse linathera pamenepo, kusintha kebulo, kusintha kompyuta, kuchotsa madraiva (mapulogalamu oyendetsa makinawo) n'kuikanso, mpaka kuyamba kukayikira kuti mwina matepiwo anafa kalekale ndipo ndikungozivuta, usiku ndi pomwe ndinapeza buku la makinawo n'kuona kuti DAT 72 imabwerera m'mbuyo mpaka DDS-4 ndi DDS-3 basi, DDS-2 siidziwa n'komwe. Kumulembera wogulitsa uja akuti makinawo ndi abwinobwino ndiye sangabweze ndalama. Zoona ndi abwinobwino, nanga ine ndinafunsa zimenezo? Kenako anangoti zii. Mpaka lero ndikakumbuka zimandiwawa.

Draivu yachiwiri ndinagula ya DDS-3, imeneyi imawerenga DDS-2 popanda vuto, koma ndi ya SCSI, njira yakale yolumikizira zipangizo ku kompyuta, ndipo apa ndi pomwe pali chintchito. Pamafunika khadi ya SCSI, yomwe ndinapeza inali yobaya pa malo akale aja otchedwa PCI m'kati mwa kompyuta pomwe kompyuta yanga ili ndi atsopano okha otchedwa PCIe, ndinachita kukafukula chikompyuta china chomwe chinangokhala pakona zaka zambiri. Kebulo yake ndi yotambalala ya mapini 50, onetsetsani kuti khadi yanu ili ndi pobaya pa 50 osati pa 68 pokha, apo ayi mugulanso adaputa. Kumapeto kwa kebulo kumafunika terminator, kachipangizo kotsekera mapeto a kebuloyo, popanda iyo draivu imaoneka lero mawa osaoneka. Nambala ya draivu mumaika ndi timajampa (tizitsekero tolumikiza mapini) kumbuyo, iliyonse kupatula 7 chifukwa 7 ndi ya khadi.

Ndinaiwala, ichi chimayenera kukhala koyambirira. Musanalowetse tepi m'makina aliwonse sunthani kachotsekera kali m'mbali mwa kaseti kuti kabowo kaonekere, pamenepo tepiyo singalembedwenso. Ine Loweruka lija ndimalowetsa ndi kutulutsa osasuntha n'komwe, mwayi chabe kuti makinawo ankangolavula.

Pa chikompyuta chija ndinaikapo Linux. Draivu imaoneka pawiri, /dev/st0 ndi /dev/nst0, gwiritsani nst0 chifukwa inayo ikamaliza kuwerenga imabweza tepi kumayambiriro, ndiye muzingokopera chigawo choyamba chomwecho mobwerezabwereza n'kumadabwa kuti zinazo zili kuti. Ine ndinachita katatu ndisanazindikire. Musayambe n'kufuna kutsegula mafayilo, kokani kaye zonse mmene zilili ndi dd, pulogalamu yokopera ya pa Linux, kupita pa hadi disiki, chigawo ndi chigawo, tepi yazaka zoposa makumi awiri siyofunika kuizungulitsa kambirimbiri. Ikakuuzani kuti Cannot allocate memory musathamangire kukagula RAM, imangotanthauza kuti bs (kukula kwa buloko) yomwe mwaika pa dd yachepa kuyerekeza ndi mabuloko a pa tepi, ine nditaika 64k zinayenda.

Tepi yachiwiri inayamba kukakamira pakati, kagetsi ka Clean n'kuyaka. Mutu wa makinawa umazungulira ngati wa vidiyo yamakaseti ija, ndipo tepi yakale imasiyapo litsiro, ndiye gulanitu kaseti yotsukira nthawi imodzi ndi draivu. Yotsukirayo ikafika kumapeto yatha basi, musaibweze kuti muigwiritsenso ntchito. Nditatsuka kawiri inadutsa.

Zomwe ndinakokazo zinapezeka kuti zinalembedwa ndi NTBackup, pulogalamu ya backup ya Windows NT, yomwe kuyambira pa Windows Vista Windows sibwera nayonso, koma pali kapulogalamu kaulere ka pa Linux kosandutsa zimenezi kukhala tar, mtolo wa mafayilo womwe Linux imatsegula, imeneyo inali ntchito ya madzulo amodzi. Munali makalata a bambo, malipoti a kuntchito kwawo ndi zithunzi zochepa zojambulidwa pa sikana zomwe amayi anali asanazionepo. Tepi yachitatu inali yongobwereza yoyamba.

Koma chonde werengani pa tepipo musanagule draivu, ngati palembedwa DDS-1 kapena DDS-2 isiyeni DAT 72 ngakhale ikunyengerereni bwanji ndi USB yakeyo, funani DDS-3. DAT 72 yanga ija idakali pa shelefu m'katoni yake, ndayesa kuigulitsa kawiri, munthu mmodzi yekha ndi amene anafunsa ndipo naye matepi ake anali a DDS-2, ndinangomuuza zoona.